Chosaitanidwa chisalowe m'phukusi

Pali chizolowezi china pakati pa opanga mapulogalamu a kompyuta chimene ndikufuna kulimbana nacho lero, ngakhale ndikudziwa kuti ena afunsa kuti mwana wophunzira za mbiri ndi zilankhulo walowa bwanji m'munda wa eni ake. Chizolowezi chake ndi ichi: munthu akamaliza kulemba pulogalamu n'kufuna kuigawira anthu, zida zambiri zomangira phukusi zimasesa chilichonse chimene zapeza m'foda yake. Zimatenga pulogalamu yeniyeniyo, zimatenga mafayilo onena mmene iye amakondera kuti laputopu yake izigwirira ntchito, zimatenga zoyeserera ndi zotsalira za chaka chatha, ndipo nthawi zina zimatenga ngakhale fayilo yosunga mawu achinsinsi. Chimene chimatsala ndi chokhacho chimene mwini wake wakumbukira kuletsa. Ine ndikuti dongosolo limeneli linaima chadodolido. Phukusi liyenera kuyamba lili lopanda kanthu, kenako muzilowa zokhazo zimene mwini wake watchula ndi dzina. Ndipo chinsinsi chikatayika m'njira imeneyi, tisamathamangire kuloza chala mnyamata amene anaiwala. Tiziyamba ndi amene anakonza chida chimene chimalanga kuiwala kwa mphindi imodzi ndi chilango cha zaka.

Kwa inu amene simunalowepo m'nkhani zimenezi, ndiyambe ndafotokoza. Masiku ano palibe amene amalemba pulogalamu yonse yekha kuchokera pansi. Zili ngati kumanga nyumba: njerwa umagula kwa woumba, zitseko kwa kalipentala, malata kusitolo. Wopanga pulogalamu naye amatenga tizidutswa topangidwa kale ndi anthu ena n'kutilumikiza. Tizidutswa timeneti timagawidwa m'maphukusi, ndipo maphukusiwo amasungidwa m'nkhokwe za pa intaneti. Nkhokwe yaikulu kwambiri ndi npm, ya olemba mu JavaScript, imene inayamba mu 2010 ndipo lero ili ndi maphukusi oposa 2 miliyoni. Mu 2020 inagulidwa ndi GitHub, kampani imene nayonso ili m'manja mwa Microsoft kuyambira 2018. Olemba mu Python ali ndi yawo yotchedwa PyPI. Wophunzira wa ICT ku Mzuni akalemba lamulo limodzi lokha lakuti npm install, laputopu yake imatha kukoka maphukusi mazanamazana, chifukwa phukusi lililonse limabwera ndi anzake amene limadalira, ndipo anzakewo alinso ndi awo.

M'foda ya wopanga pulogalamu simukhala pulogalamu yokha. Mumakhalanso mafayilo a kakonzedwe, amene ntchito yawo ndi kuuza zida zake mmene zizichitira zinthu. Ina imanena kuti mizere izilowa mkati mipata ingati. Ina imauza makina oyesera kuti ayese chiyani. Ina ndi ya pulogalamu imene iye amalemberamo, yokumbukira zimene anatsegula dzulo. Mayina ake ndi monga .editorconfig, .eslintrc, .travis.yml, .vscode ndi .idea. Munthu amene akungofuna kugwiritsa ntchito phukusilo alibe nawo ntchito mafayilowa, monga mmene wogula tebulo alibe ntchito ndi pensulo imene kalipentala anapanira kukhutu. Koma pagulu lomweli pali fayilo ina yoopsa, yotchedwa .env, mmene anthu amasungamo mawu achinsinsi olowera m'nkhokwe ya data, makiyi otumizira ma SMS, ndi makiyi a njira zolandirira ndalama. Taonani kuti mayina onsewa akuyamba ndi kadontho. Pa makompyuta a Linux ndi Mac, fayilo yoyamba ndi kadontho imabisika; ukatsegula foda sioneka pokhapokha utaifunafuna dala. Ndiye chida chikunyamula zinthu zimene mwini wake sakuziona n'komwe, kenako ife tikumuimba mlandu woti bwanji sanazitsitse.

Tiyeni tione mmene npm imachitira. M'fayilo yotchedwa package.json muli malo otchedwa files, pamene wopanga angalembe mndandanda wa zimene akufuna kuti zilowe m'phukusi. Akalemba, zinthu zimayenda bwino. Koma lamulo loyambitsira phukusi latsopano, npm init, silimulembera malo amenewa, ndipo akakhala opanda kanthu npm imatenga zonse kupatula zimene zatchulidwa m'fayilo yoletsa. Apa ndi pamene pali msampha umene umakola ngakhale akatswiri. Opanga ambiri ali ndi fayilo yotchedwa .gitignore, mmene analembamo kale kuti .env isamatuluke, ndipo npm imailemekeza fayilo imeneyi ngati palibe ina. Koma tsiku limene munthu walemba fayilo ina yotchedwa .npmignore, mwina pofuna kuchotsa zithunzi ziwiri kuti phukusi lipepuke, npm imasiya kuwerenga .gitignore ija. Zonse zimene zinali zoletsedwa kumeneko zimamasuka nthawi yomweyo. Munthu wachita chinthu chabwino, wachepetsa katundu, ndipo mphoto yake ndi yakuti makiyi ake akwera nawo ulendo wopita kwa aliyense.

Ife a ku Mzimba nkhani yolongedza katundu sitichita kuphunzitsidwa. Kuyambira pa Jenda, Embangweni, Edingeni mpaka ku Manyamula, n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana ku Joni. Wa ku Joniyo akafuna kutumiza katundu kumudzi amamuitana transipota n'kumutchulira: firiji imodzi, matiresi awiri, mabulangete anayi, katoni ya sopo. Transipota amalemba, amamata dzina, amatchula mtengo. Tsono tayerekezani transipota amene lamulo lake ndi lakuti akafika pachipinda chako amakweza chilichonse chimene wapeza, kuphatikizapo pasipoti, khadi la kubanki ndi kapepala kamene unalembapo nambala yake yachinsinsi, pokhapokha utamuuza kuti ichi ndi ichi usatenge. Katundu akudutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Dedza, aliyense akuvundukula n'kusuzumiramo. Iwe ukadandaula, iye akuti, "Nanga bwanji simunandiuze?" Transipota wotere sangathe mwezi ali pa bizinesi. Mbiri yake ingafike ku Euthini basi isanafike. Koma m'dziko la mapulogalamu, khalidwe lomweli ndi limene timaphunzitsa ana a chaka choyamba ngati kuti ndi mmene zinalengedwera.

Wina anganene kuti ndikuopseza anthu ndi nthano. Tiyeni tione zimene zinachitikadi. Mu Epulo 2021, kampani ya ku America yotchedwa Codecov, yothandiza opanga mapulogalamu kuyesa ntchito zawo, inalengeza kuti akuba analowa m'makina ake. Analowera pati? Pomanga phukusi la mtundu wa Docker limene kampaniyo inafalitsa, munatsalira kiyi amene sanayenera kutuluka. Akubawo anamutola, anasintha kapulogalamu kamene makasitomala a Codecov ankakoka tsiku ndi tsiku, ndipo kwa miyezi iwiri, kuyambira kumapeto kwa Januwale, kapulogalamuko kankatumiza zinsinsi za makasitomalawo kwa akubawo. Mu Januwale 2021 momwemo, gulu la ofufuza za chitetezo lotchedwa Sakura Samurai linaulula kuti linapeza mafoda a .git ali poyera pa mawebusaiti a mabungwe a United Nations, ndipo kudzera m'makiyi amene anali mmenemo linafika pa zolemba zoposa 100,000 za ogwira ntchito ku UNEP. Mu 2018, katswiri wa ku Czech Republic, Vladimír Smitka, anafufuza mawebusaiti pafupifupi 230 miliyoni n'kupeza okwana ngati 390,000 amene foda ya .git inali yotsegukira aliyense. Mu Okutobala 2022, Toyota inavomera kuti kiyi wolowera m'nkhokwe ya makasitomala a T-Connect anakhala poyera pa GitHub kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo ma imelo a anthu 296,019 anali pachiopsezo.

Njira zake zinali zosiyana: kwina linali phukusi, kwina webusaiti, kwina malo osungira pulogalamu. Koma nthenda ndi imodzi. Chinthu chakuseri chinatuluka pamodzi ndi chinthu chapoyera chifukwa pakhomo panalibe wofunsa kuti, "Iwe wakuitana ndani?" Ndipo ngati Toyota ndi United Nations, okhala ndi ndalama ndi akatswiri olipidwa kuti aziyang'anira zimenezi, anagwa m'dzenje limeneli, uphungu wakuti "ingosamalani" tikuupereka kwa ndani? Kwa mtsikana wa chaka chachitatu amene akulemba pulogalamu yake usiku, magetsi atazima, batire ili pa 12 peresenti?

Musaganize kuti ndi za kunja kokha. Pa tchuthi chapitachi, mnzanga wina amene amakonza makompyuta pa boma la Mzimba anandionetsa chinthu chimene chinandikhalitsa pansi. Sukulu ina yapulaiveti inagula pulogalamu yolembera fizi ndi zotsatira za mayeso kwa wopanga wina wa m'tauni. Inabwera pa fulashi, foda yonse yathunthu. Mnzangayo poiika pa kompyuta ya sukuluyo anapeza fayilo ya kakonzedwe imene inali ndi dzina la sukulu ina, kumene pulogalamuyo inagulitsidwa poyamba, pamodzi ndi mawu achinsinsi olowera m'nkhokwe yake ya pa intaneti ndi kiyi wotumizira makolo ma SMS. Anamuimbira wopangayo kuti asinthe makiyiwo, ndipo nkhani inathera pomwepo chifukwa fulashiyo inagwera m'manja mwa munthu wachilungamo. Ikanagwera kwina, makolo akanalandira uthenga wooneka ngati wa sukulu, wokhala ndi dzina la mwana ndi ndalama yeniyeni imene yatsala, wonena kuti fizi tsopano izitumizidwa pa nambala ina ya Mpamba kapena Airtel Money. Tonse tinalandirapo uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", ndipo timauseka chifukwa wotumizayo satidziwa. Nanga utabwera ndi dzina la mwana wako ndi kalasi yake, ungauseke? Wopanga uja sanali woipa mtima. Anachita zimene chida ndi chizolowezi zinamuphunzitsa: kopera zonse, tumiza. Koma nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Wodya nkhuyu pano anali wopanga pulogalamu, ndipo wopotedwa akanakhala mayi wogulitsa tomato pa Jenda amene anasonkhanitsa fiziyo kwa miyezi itatu.

Ndipo fizi ndi nkhani yaing'ono tikaiyerekeza ndi zina zimene taika m'manja mwa mapulogalamu. Kuyambira mu 2001, pamene makompyuta a Baobab anayamba kulembera odwala pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, zipatala zathu zakhala zikusamuka pang'onopang'ono kuchoka m'makaundula a mapepala. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero zake kudzera mu DHIS2, pulogalamu imene imapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ayamba kulembera mabanja pa mafoni ndi matabuleti. Mu 2017, NRB inalembera Amalawi oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo chiphaso chimenecho ndi chimene timalembetsera simu khadi ndi kugulira feteleza wotsika mtengo. Sindikuneneza makina ena aliwonse mwa amenewa. Ndikungofuna tione kulemera kwa katundu amene wasenzetsedwa pa makiyi. Ku London munthu zake zikaululika amatha kusowa m'khamu. Pa Embangweni kapena pa Luwerezi, pamene aliyense amadziwa kuti ndiwe mwana wa yani ndipo unakwatira kwa yani, fayilo imodzi yonena amene akulandira ma ARV ikhoza kupasula banja sabata lisanathe.

Tibwere ku mtsutso woyamba umene ndimaumva kwa anzanga a ICT. Amati, "Mafayilo amenewa ndi aang'ono kwambiri, mukuliriranji?" N'zoona, fayilo imodzi ya .editorconfig ndi yopepuka ngati nthenga. Koma khomo limene limailowetsa ndi lomwelo limene limalowetsanso mafoda a zoyeserera, zithunzi, malipoti a mayeso ndi zina zolemera, ndipo zonsezi muzichulukitse ndi maphukusi mazanamazana aja. Amene amanena kuti n'zochepa nthawi zambiri amakhala ku San Francisco kapena ku Berlin, pa intaneti yopanda malire yolipiridwa ndi abwana. Kuno data timagula ngati ufa wa walkman, wa lero lokha. Kuyambira mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi ma SMS, pamwamba pa VAT. Mu 2020 achinyamata anachita kufuula kuti Data Must Fall kuti mitengo itsikeko. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama ya m'thumba la wophunzira inafota nayo. Wophunzira amene ali pa tchuthi ku Khosolo kapena ku Mabulabo, amene netiweki amachita kuikwerera pachulu, akamakoka maphukusi amadziwa kuti ikadukira pakati bandulo yapita ndipo ntchito sinathe. Iye akulipira ndi ndalama ya sopo kuti alandire zokonda za laputopu ya munthu amene sadzamuona. Zingachepe bwanji, chifukwa chiyani alipire zinyalala za mwini?

Mtsutso wachiwiri ndi waukulu, ndipo umabwera ndi mwambi. Amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Wopanga pulogalamu aziwerenga malangizo, aziyang'ana zimene akutumiza, ndi ntchito yake. Ndikuvomereza kuti aziyang'ana. Chimene ndikukana ndi kumanga chitetezo cha anthu zikwizikwi pa chikumbumtima cha munthu mmodzi wotopa. Pa Chingerezi pali mawu akuti default, kutanthauza chimene chimachitika munthu akapanda kusankha kanthu, ndipo ife ophunzira za anthu timadziwa mphamvu yake. Mu 2003, Eric Johnson ndi Daniel Goldstein anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science wokhudza anthu olola kuti ziwalo zawo zidzathandize ena iwo akamwalira. Ku Germany, kumene munthu amachita kulembetsa kuti walola, olola anali pafupifupi 12 mwa anthu 100 alionse. Ku Austria, kumene aliyense amatengedwa kuti walola pokhapokha atakana, anali oposa 99. Maiko oyandikana, chilankhulo chimodzi, koma fomu yosiyana. Anthu ambiri sasintha chimene apeza. Amene wasankha default wawasankhira anthu onse amene sadzafika pa tsamba lachisanu la malangizo, ndipo ameneyo sangasambe m'manja n'kunena kuti aliyense anali ndi ufulu.

Akatswiri a makompyuta eni ake anazindikira izi kalekale. Mu 1975, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder analemba mfundo zotetezera uthenga m'makompyuta, ndipo imodzi mwa izo inali yakuti makina aziyamba ndi kukana, chilolezo chizichita kuperekedwa. Chifukwa chimene anapereka ndi chimene chili pamtima pa nkhani yanga yonse. Zolakwa zili mitundu iwiri. Ngati lamulo ndi lakuti chimalowa ndi chotchulidwa chokha, ndipo iwe waiwala kutchula fayilo yofunika, phukusi silidzagwira ntchito. Udzadziwa pa mphindi zisanu, kapena wina adzakudandaulira mawa lake, udzakonza, nkhani yatha. Koma ngati lamulo ndi lakuti zonse zimalowa kupatula zoletsedwa, ndipo iwe waiwala kuletsa .env, phukusi lidzagwira ntchito bwinobwino. Palibe adzadandaule. Wokutola makiyi sadzakulembera kalata yothokoza. Cholakwa choyamba chimafuula, chachiwiri chimakhala chete ngati chiswe mu mtengo wa denga. Munthu wanzeru akapatsidwa kusankha pakati pa ziwirizi amasankha chofuula. Zaka pafupifupi 50 zadutsa, ndipo zida zathu zikusankhabe chachete.

Chodabwitsa n'chakuti npm yeniyeniyo imavomereza mfundoyi mwatheka. Ili ndi kamndandanda ka zinthu zimene siilola kulowa m'phukusi ngakhale mwini wake ataiwala, monga .git, .npmrc ndi node_modules. Ndiye kuti eni ake akudziwa kuti anthu amaiwala, ndipo akudziwa kuti pali mafayilo amene sayenera kutuluka. Koma mndandanda wa zoletsedwa nthawi zonse umatsalira m'mbuyo. Chaka chilichonse kumabwera chida chatsopano ndi fayilo yake yatsopano ya kadontho, ndipo fayiloyo imadutsa pakhomo chifukwa mlonda sanauzidwe dzina lake. Mlonda wabwino sapatsidwa mayina a akuba onse a m'boma. Amapatsidwa mayina a oitanidwa.

Tikumbukirenso kuti madzi akatayika saoleka. Mu Malichi 2016, wopanga wina anachotsa pa npm kaphukusi kake ka mizere 11 kotchedwa left-pad, ndipo mapulogalamu zikwizikwi padziko lonse analephera kumangika. Kuchokera pamenepo npm inakhwimitsa malamulo ochotsera maphukusi. Lero kuchotsa mosavuta kumaloledwa mkati mwa maola 72 okha, ndiponso ngati palibe phukusi lina lodalira lakolo. Ngakhale utachotsa msanga, pali makina amene amakopera phukusi lililonse latsopano likangotuluka, ena osunga mbiri, ena osaka makiyi. Kiyi amene watuluka wapita. Chotsala ndi kusintha loko. Ngati chinthu sichibwezeka, chida chiyenera kuchiika patali ndi dzanja la munthu wothamanga.

Mtsutso wachitatu ndi woti kusintha lamulo lero kungaswe maphukusi akale amene amadalira kuti zonse zizilowa. Uwu ndi mtsutso weniweni ndipo ndikuulemekeza. Koma yankho lake si kukhala manja lende. Akale asiyeni ayende mmene akuyendera, koma azichenjezedwa nthawi iliyonse pamene akutumiza popanda mndandanda. Atsopano onse aziyamba ndi mndandanda wa zololedwa, wolembedwa ndi chida chenichenicho tsiku loyamba. Fayilo iliyonse yoyamba ndi kadontho izitsala pokhapokha itatchulidwa. Ndipo chida chikaona fayilo yooneka ngati yosunga makiyi, chiziima n'kufunsa. Palinso ena amene amati mafayilo a zoyeserera ndi a kakonzedwe ndi ofunika kwa ofuna kuphunzira kapena kumanganso pulogalamuyo, monga amachitira a Debian. Zoona, koma malo ake alipo: kumene kumasungidwa pulogalamu yonse ndi mbiri yake, kumene aliyense wofuna angapite. Ndipo wofuna kuti alowenso m'phukusi palibe akumuletsa, angowatchula. Wofuna kuona mmene nsima yaphikidwira amapita kukhitchini. Sitibweretsa mafuwa ndi phulusa patebulo.

Tsono wina afunsa kuti ife a ku Mzimba tingachitenji pa zida zopangidwa kutsidya la nyanja. Mlimi wa fodya akhoza kutiyankha. Iye amadziwa kuti belo lopezeka ndi pulasitiki, nthenga kapena miyala limabwezedwa kumsika, kaya ndi ku Mzuzu kaya ndi ku Chinkhoma, ndipo chifukwa ogula amabweza, m'shedi anthu amasankha fodya ndi maso awiri. Pa mapulogalamu, ogula ndife, koma sitibweza kanthu. Khonsolo ya M'mbelwa, masukulu, zipatala za mishoni, ma SACCO ndi mabungwe amene amagula mapulogalamu azilemba m'mgwirizano kuti wopanga apereke mndandanda wa mafayilo onse amene akupereka, kuti musakhale kiyi aliyense m'phukusi, ndiponso kuti makiyi a malo amenewo apangidwe atsopano tsiku loika pulogalamuyo. Sipafunika digiri kuti mphunzitsi wamkulu afunse kuti, "Fayilo iyi ndi yachiyani?"

Lamulo nalonso lilipo. Mu 2024 Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza data ya anthu, Data Protection Act, ndipo udindo woliyang'anira unaperekedwa kwa MACRA. Ku Ulaya, gawo 25 la GDPR, imene inayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, limalamula kuti chitetezo cha data chizikhala chomangidwira m'makina kuchokera pachiyambi, chizigwira ntchito munthu asanasankhe kanthu. MACRA itha kutenga mzimu womwewo n'kupereka malangizo achidule, omveka, kwa opanga mapulogalamu a m'dziko muno, m'malo modikira kuti chinsinsi chitayike ndiye ayambe kufufuza.

Ndipo kwa inu aphunzitsi athu a ku Mzuni, UNILIA, UNIMA, MUBAS ndi MUST, pempho langa ndi laling'ono. Wophunzira akapereka pulojekiti ili ndi .env mkati, ibwezeni ngati belo lija. Muphunzitseni kulemba malo a files tsiku lomwe mukumuphunzitsa npm init. Muonetseni lamulo lakuti npm pack --dry-run, limene limaonetsa zonse zimene zikanatumizidwa popanda kutumiza kanthu. Mafoda oyambira amene mumagawa m'kalasi azibwera ndi mndandanda wa zololedwa kale, chifukwa nanunso mukamagawa foda mukusankha default ya m'badwo wonse wa opanga mapulogalamu a dziko lino. Anzanga a ICT, npm ndi zida zinzake zimakambidwa poyera pa GitHub, ndipo aliyense amaloledwa kuyankhulapo. Mawu ochokera kumene bandulo imawerengedwa ngati mchere sakumveka kumeneko chifukwa sitikuwatumiza.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi ikuoneka yaing'ono: timafayilo tobisika, timayina toyamba ndi kadontho. Koma funso limene lili pansi pake ndi lakale, ndipo ndi limene timalimbana nalo m'makalasi a mbiri ndi filosofi tsiku lililonse: lamulo likalakwika, amasenza ndani? Dongosolo la "tenga zonse" limapeputsa ntchito ya wopanga chida ndi ya wotumiza wothamanga, ndipo mtolo wake limautula pa wophunzira wa bandulo yochepa, pa kholo lolipira fizi pa foni, pa wodwala amene dzina lake lili m'nkhokwe imene sanaionepo. Anthu amenewa sanafunsidwe, ndipo sadzawerenga malangizo a npm. Chowateteza chokha ndi chida chimene chimatseka khomo chokha, n'kutsegulira okhawo amene aitanidwa.